Zaka zokha siziyimba: chenjezo kwa makwaya ndi makolo a ku Angónia

Loweruka lapitali, pa msonkhano wa makwaya kufupi ndi Ulongwe, ndinaona mtsikana wosaposa zaka 15 atakhala pa benchi yakumbuyo, dzanja lili pakhosi, mawu atasasiratu, pamene anzake ankayimba kutsogolo. Amayi ake anandiuza kuti aphunzitsi a kwayayo akhala akumuumiriza kukweza mawu kufika pamene khosi lake silifika, ndipo mwanayo akadandaula kuti pakhosi pakuwawa, ankauzidwa kuti amwe dzira laliwisi n'kupitiriza. Amayiwo atayesa kudandaula, anayankhidwa kuti aphunzitsiwo akhala mu kwaya zaka 30, ndiye iwo ndi ndani kuti awawongolere. Zimenezi zandikwiyitsa kwambiri, makamaka chifukwa amene akuchita khalidweli ndi anzanga amsinkhu wanga, aimvi ngati ine.

Kodi munthu amene wakhala akuphonya nyimbo kuyambira nthawi ya nkhondo, imene inatha mu 1992, kuphonyako kwasanduka luso lero chifukwa choti kwakalamba? Kodi amene wagwira gitala kuyambira ali mnyamata, koma mpaka pano sangathe kuchuna nsambo zisanu ndi imodzi popanda kuitana mwana kuti amuthandize, ndi woyenera kuuza mpingo zida zoti ugule? Nanga woyimba kiyibodi amene amadziwa kiyi imodzi yokha, nyimbo iliyonse n'kumangodina batani losinthira mawu, angaphunzitse chiyani ana athu kupatula kudina batani lomwelo? Komatu anthu oterewa ndi amene amalankhula mokweza pa zokambirana, ndipo wina akangoti atsutse, yankho lawo ndi lakuti iwo anayamba kuyimba wotsutsayo asanabadwe.

Tawonani zimene zikuwonongeka chifukwa cha ulemu wosayenerawu. Mipingo ikugulitsa mbatata ya kachewere ndi chimanga, amayi akusonkha ndalama miyezi yambiri, kenako zokuzira mawu zikupsa tsiku loyamba chifukwa mkulu wina wa zaka zambiri walumikiza ku jenereta mmene iye akufunira, osalola mnyamata amene anaphunzira zamagetsi kuti ayandikire. Ana akudzutsidwa m'bandakucha m'mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Tsangano ndi ku Domwe kuli pachimake, kuti akakuwe kudambo poti ndiko kutsegula mawu. Anyamata amene mawu awo ayamba kusintha akuumirizidwa kukhalabe pa mawu oyamba mpaka khosi litatupa. Masipika akuikidwa pafupi ndi makutu a makanda, ndipo mukanena kuti ana agontha, mukuuzidwa kuti takhala tikuchita chonchi kuyambira kale. Ana ogonthawo adzawachiritsa ndani?

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti makolo athu sankachita zinthu motere, ngakhale ankalemekeza akuluakulu kuposa ife. Pabwalo la gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, ng'oma ya mbalule, imene imatsogolera ng'oma zina, sapatsa munthu chifukwa cha imvi. Amapatsa amene maso ake ali pa mapazi a wovina, amene dzanja lake limayankha phazi likangogunda pansi, amene amadziwa kuwamba ng'oma pamoto mpaka chikopa chitalira bwino osachipsereza, ndiponso kuchuluka kwa phula loyenera kumata pakati pake. Akaphonya, amayi oyimba ndi kuwomba m'manja amamva nthawi yomweyo, wovina amaima, ndipo ng'omayo imapita kwa wina popanda kufunsa chaka chimene anabadwa. Abale athu Anyungwe kumunsi kwa Zambezi amachitanso chimodzimodzi pa gule wa nyanga, pamene aliyense amawomba timabango take towerengeka molowana ndi anzake kwinaku akuvina mozungulira. Mmodzi akachedwa, nyimbo yonse yasokonekera, ndipo palibe amene angadziteteze ponena kuti ndine wakale.

Sindikunena kuti achinyamata azinyoza akuluakulu, ayi. Alipo agogo m'midzi yathu amene akangomva kwaya kamodzi amadziwa kuti mawu achitatu atsika, ndipo akakuwongolera amayimba okha kuti umve kusiyana kwake. Amenewo zaka zawo zinagwira ntchito, ndipo mudzaona kuti satchula n'komwe kuti anayamba liti. Galu wamkota sakandira pachabe, inde, koma si aliyense wokalamba amene anali kuphunzira pamene zaka zinkadutsa. Ena ankangokhala nawo pa mzere, kutsegula pakamwa anzawo akamayimba.

Tsono inu makolo, inu akuluampingo ndi inu a makomiti a makwaya, munthu akabwera ndi malangizo, mupatseni ng'oma kapena gitala kuti ayimbe mumve, ndipo funsani ana amene anawaphunzitsa kale ngati mawu awo akadalipo. Mwana akati pakhosi pakuwawa, mupumitseni, ndipo kusasa mawu kukapitirira milungu iwiri kapena itatu mupite naye kuchipatala, osati kwa aphunzitsi a kwaya.

Ndipo inu anzanga amene mukuwerengera anthu zaka m'malo mowayimbira, lekani kuwononga ana a eni ake. Ngati manja ndi makutu zinakana, khalani pansi mumvere ena.