Woswa lumbiro mphamvu zake zizisuluka basi

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timakumana anthu asanu kwa mlamu wanga ku Rosettenville kusewera Dungeons & Dragons. Kwa amene simunawaonepo masewerawa, sakhala ndi bolodi ngati bawo ayi. Pamakhala pepala, pensulo, madayisi (lofunika kwambiri lili ndi mbali 20), ndi munthu mmodzi wotsogolera nthano (kwa ife ndi alamuwo), enafe aliyense n'kukhala ndi munthu wake m'nthanomo. Anayambira ku America mu 1974, koma kwa ife akhala njira yochezera m'Chichewa kuno ku Joni, kumene sabata yonse lilime limatopa ndi Chizulu ndi Chingelezi.

Lamlungu lapitali tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu, ndipo nkhaniyo ikundivutabe mumtima.

Munthu wanga m'nthanomo ndi paladin, msilikali amene mphamvu zake zimachokera pa lumbiro. Akafika pa levulo 3 amalumbira. Buku la malamulo la 2014 lili ndi malumbiro atatu, Devotion, Ancients ndi Vengeance, ndipo ine ndinasankha Devotion, limene lamulo lake loyamba ndi lakuti usaname. Mwa mphamvu zakezo, amatha kusanjika manja pa wovulala n'kumuchiritsa. Tsono tinafika pa chipata cha mzinda titabisa mnzathu wakuba m'ngolo ya udzu. Mlonda anafunsa ineyo, poona kuti ndine wodalirika pagululo, ngati m'ngolomo muli munthu. Nditanena kuti ndimunamiza mlondayo, alamu anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwatsimikiza?" Ndinati eya. Ndinaponya dayisi, linagwa bwino, mlonda n'kutitsegulira. Patsogolo pake mnzathu wina atalasidwa ndinamusanjika manja, alamu n'kunena mofatsa kuti palibe chachitika.

Mnzathu wa ku Dedza ndiye anapsa mtima m'malo mwanga. Akuti wamatsenga akanama matsenga ake sachoka, wankhondo akanama lupanga lake silibuntha, nanga bwanji paladin yekha azilangidwa? Anatsegula buku pa foni kutionetsa kuti silikakamiza wotsogolera kulanda mphamvu. Pamenepo sananame. Bukulo limati woswa lumbiro akapepese kwa wansembe, mwina asale kudya kapena achezere usiku wonse akupemphera, ndipo wokana kulapa yekha ndiye angachotsedwe pa upaladin kapena kusanduka Oathbreaker, paladin woipa amene anataya lumbiro lake. Kale zinali zowawa kuposa apa. M'malamulo a 1978 paladin ankapereka chakhumi, sankaloledwa kusunga zida zamatsenga zoposa 10, ndipo akachita choipa mwadala upaladin unkathera pomwepo, osabwereranso.

Komabe ine ndili kumbali ya alamu, ngakhale amene ndinalandidwa ndine.

Ife a ku Malawi nkhani imeneyi si yachilendo. Tonse tinakula tikumva zoti mankhwala amabwera ndi zoletsa zake, wina akuti asadye therere, wina asachite chakutichakuti, ndipo akaphwanya mankhwalawo amasuluka. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, nthano zathu zonse zimagwirizana kuti mphamvu yopatsidwa imayenda ndi mwambo wake. Ngakhale ku Sande sukulu tinaphunzira za Samsoni ndi tsitsi lake. Ndiye ndikakhala pa tebulo n'kumva kuti munthu angalumbire, n'kunama m'mawa, madzulo n'kumachiritsabe anthu ndi lumbiro lomwelo, mtima wanga sulola. Wamatsenga mphamvu zake anazipeza powerenga mabuku, wankhondo pophunzira kumenya. Paladin anazipeza ndi pakamwa pake, polonjeza. Mukachotsapo chilango, ndiye kuti mwamusandutsa wankhondo wamba wovala zonyezimira.

Ndipo chimene mnzathu uja sakuona ndi chakuti funso la mlonda lija linali lolemera chifukwa cha chilango chomwecho. Mwezi wonse timangoponya madayisi kumenyana ndi zilombo, koma mphindi imene ija ndi imene tonse tinakhala chete. Ndinadziwa zimene ndikutaya, ndinaona kuti moyo wa mnzanga ukuposa, n'kusankha. Alamu akanangondisiya, kusankha kwangako kukanakhala kopanda pake. Ambirife pokwera basi yobwera kuno tinasiya malonjezo kumudzi, fizi ya ana, malata a nyumba ya amayi. Timadziwa mmene zimakhalira lendi ikakwera, lonjezo n'kuyamba kulemera. Mwina n'chifukwa chake sindifuna masewera amene amayesa lumbiro ngati chokongoletsera.

Pali zimene ndingamuvomereze. Wotsogolera amene amatchera paladin misampha, kumuika pamalo poti uku kuli tchimo uku kulinso tchimo, n'kumulanda mphamvu mosachenjeza, ameneyo akuononga masewera ndipo anthu adzamuthawa. Zoletsa zizikambidwa tsiku loyamba, chenjezo lizikhalapo dayisi lisanagwe, ndipo njira yobwerera izikhala yotseguka. Alamu zonsezi anachita. Anandifunsa, ndinayankha ndekha.

Lamlungu likubwerali munthu wanga akupita kukachisi kukachezera usiku wonse osadya. Alamu andiuza kale kuti wansembe wa kumeneko sadzakhutira ndi pemphero lokha, adzafuna ndibwerere pa chipata paja kukauza mlonda zoona. Wakuba uja ndi munthu wa mnzathu wa ku Dedza yemweyo, ndipo dzulo usiku wanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti ndikamuulula tidzaonana pa tebulo. Ndamuyankha kuti pa chipata ndipita ndithu, iye ayambiretu kuganiza kothawira.