Agogo aja sankangothandizako

Ndabwera kumaliro mtima ukundiwawa, koma imfayo sindikuidandaula kwambiri, chifukwa munthu amene wakhala ndi moyo zaka 96 n'kumwalira ali m'tulo wapita mwamtendere. Chimene chandikwiyitsa ndi liwu limodzi limene lanenedwa pamwambowo. Agogo amene tawaika m'manda lero ndawasamalira kwa zaka zitatu m'nyumba yosamaliramo okalamba imene ndimagwirako ntchito kuno ku Saskatchewan, chigawo cha m'dziko la Canada, ndipo mbiri yawo ndinaimva kuchokera pakamwa pawo pomwe ndinkawasambitsa, kuwapesa tsitsi ndi kuwadyetsa. Bambo amene anapatsidwa udindo wowerenga mbiri ya malemu m'holo ya m'katauni kawo anathera nthawi yambiri pofotokoza za munda wa tirigu wa malemu amuna awo, kukula kwake, mathirakitala amene anagula ndi zaka zimene anakolola zochuluka. Atafika pa mwini malirowo anangoti anali mayi wabwino amene ankakonda kuthandizako apa ndi apo kuti asamangokhala. Anthu anagwedeza mitu movomereza, ndipo ine ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaimirire pakati pa anthu olira.

Agogo amenewa anali namwino, ndipo ntchitoyo anaiphunzira kwa zaka zitatu pasukulu ya pachipatala, akugona m'nyumba ya ophunzira imene malamulo ake anali okhwima, osaloledwa kukwatiwa mpaka atamaliza maphunziro, uku akugwira ntchito ya usiku m'mawodi ngati munthu wolembedwa kale. Anasamalirapo odwala chifuwa chachikulu kuchipatala cha Fort San, pafupi ndi Fort Qu'Appelle, masiku amene odwala matendawa ankagonekedwa miyezi ndi zaka, ndipo namwino aliyense ankadziwa kuti nayenso angathe kuwatenga. Kodi mtsikana amene amalowa m'chipinda chodzaza ndi anthu otsokomola magazi m'mawa uliwonse, akudziwa zimenezi, ndiye kuti akungothandizako kuti asamangokhala?

M'zaka za 1952 ndi 1953 poliyo anasautsa kwambiri madera a zidikha a dziko lino, ndipo m'chaka cha 1953 chokha anthu pafupifupi 9,000 anadwala matendawa m'Canada monse. Katemera wa Jonas Salk anadzafika mu 1955, kotero m'zaka ziwiri zimenezo kunalibe katemera wotchinjiriza ana. Agogo ankandiuza kuti ankawiritsa nsalu zaubweya, n'kuzifinya, n'kumakulunga nazo miyendo ya ana yomwe inali itauma ndi ululu, kenaka n'kuyambiranso nsaluzo zikazizira, usana ndi usiku mpaka manja awo kusupuka. Ankakumbukira mayina a ana amene anatuluka m'chipatala akuyenda, ndipo ankakumbukiranso mayina a amene sanatulukemo. Pa zaka 95 ankaiwala ngati adya kale chakudya chamasana, koma mayina a ana amenewo ankawatchula osaphonya ngakhale limodzi, nthawi zina misozi ili m'maso. Lero m'holo muja poliyo sanatchulidwe n'kamodzi komwe, koma thirakitala inatchulidwa mpaka mtundu wake ndi chaka chimene inagulidwa.

Atakwatiwa anapita kukakhala kumunda, kutali ndi tauni, nthawi imene mafamu ambiri a m'chigawo chino anali asanalandire magetsi, chifukwa mawaya anafalikira kumidzi m'zaka za m'ma 1950. Analera ana asanu, ndipo ana a anthu ena amene anabadwira m'manja mwawo sankadziwa n'komwe kuchuluka kwake. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse kuti dzinja la kuno ndi lotani: kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, mphepo imaomba popanda phiri kapena nkhalango yoitchinga, ndipo chipale chofewa chimakwirira msewu mpaka munthu osadziwa pamene pali msewu ndi pamene pali munda. Usiku woterowo mayi akayamba kumva zowawa za pobereka, kapena mlimi akadulidwa dzanja ndi makina, kapena khanda likamabanika ndi chifuwa, dokotala amakhala ali kutali kosafikika, ndipo khomo limene anthu ankagogoda linali la agogo amenewa. Ankadzuka, kuvala, kusiya ana awo ali m'tulo, n'kupita, ndipo pobwerera m'mamawa ankapeza ng'ombe zikudikira kukamidwa. Palibe amene ankawalipira ulendo wa usiku umenewo, ndipo ndiye chifukwa chake lero akutchedwa munthu wongothandizako.

Mu July 1962 madokotala a ku Saskatchewan ananyanyala ntchito kwa masiku 23 pokana ndondomeko yoti boma ndilo lizilipira chithandizo cha madokotala, ndondomeko imene Tommy Douglas, amene anatsogolera boma la chigawochi mpaka 1961, anaimenyera nkhondo ndipo pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. Anthu a kuno amanyadira kwambiri mbiri imeneyi, ndipo akamaikamba amatchula andale ndi madokotala. Agogo ankati iwo sanalowerere mkanganowo, koma masabata atatu amenewo khonde la nyumba yawo linali ngati pofikira odwala, akumanga mabala, kuyeza kutentha kwa thupi ndi kuuza makolo kuti mwana uyu angathe kudikira koma uyu thamangani naye kumzinda tsopano lino. Chigamulo chotero chimafuna maphunziro, chimafuna luso ndipo chimafuna kulimba mtima, chifukwa ukalakwitsa ndiye kuti mwana wa mnansi wako wafera m'manja mwako. Imeneyo ndi ntchito, ndipo ndikubwereza kuti ndi ntchito, ngakhale kuti sinalembedwe m'kaundula wa malipiro.

Ana atakula anabwerera kuchipatala chaching'ono cha m'tauni yawo, ndipo anagwirako mpaka kupuma. Kupumako kunali kwa dzina lokha. Ankaperekera chakudya chotentha kwa okalamba amene sankatha kudziphikira, ankanyamula odwala khansa pagalimoto yawo kupita nawo kumzinda wa Regina ndi kuwadikira tsiku lonse, ankathandiza pa masiku opereka magazi, ankachezera odwala kayakaya kuti achibale awo akagoneko pang'ono, ndipo pamaliro alionse a m'tauniyo iwo ndi amayi anzawo a kutchalitchi ndi amene ankakonza tiyi ndi masangweji. Mu 1993, pamene zipatala 52 za kumidzi m'chigawo chino zinatsekedwa kapena kusinthidwa kuti zisamagonekenso odwala, mtolo umene unagwa pansi anautola ndi amayi ngati amenewa, mwaulere, pogwiritsa ntchito mafuta a galimoto a m'thumba mwawo. Ife amene tinakulira ku Malawi timawadziwa amayi otere, chifukwa ndi omwe aja a Mvano ndi a Chigwirizano amene amafika pasiwa tambala asanalire n'kuchoka mbale yomaliza itatsukidwa, ndipo nakonso kwathuko wolankhula pamanda amathokoza mafumu, abwana ndi amene anapereka galimoto, amayiwo n'kuwatchula pomalizira ngati awatchula n'komwe.

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Ine chimene chikundipweteka ndi choti chitsime chimenechi chaphwa lero, ndipo amene anamwapo moyo wawo wonse sakudziwabe kuti chinali chakuya. M'holo muja munali amuna a imvi amene mchombo wawo unadulidwa ndi agogo amenewa. Munali amayi amene anawagwira dzanja usiku umene amuna awo ankamwalira. Munali bambo woyenda motsimphina amene ndikukhulupirira kuti ndi mmodzi mwa ana a nthawi ya poliyo aja. Onsewa anamva liwu lakuti kuthandizako ndipo palibe amene anakweza dzanja kuti akonze. Sindikunena kuti wowerenga mbiriyo anali ndi mtima woipa, ndipo ndikudziwa kuti analemba zimene anapatsidwa, koma ulesi wosafunsa kuti mayi ameneyu anachita chiyani m'zaka 96 ndi chipongwe, ngakhale atauchita munthu waulemu wovala tayi. Munda wa tirigu uli ndi mapepala osonyeza kukula kwake, pamene maulendo a usiku alibe lisiti, choncho anthu amaona ngati sanachitike.

Musamanene kuti namwino ankathandizako. Musamanene kuti mayi amene walera ana asanu pafamu yopanda magetsi sankagwira ntchito. Musamanene kuti munthu amene wayendetsa odwala kwa zaka makumi awiri popanda malipiro ankangofuna chomutangwanitsa, ngati kuti ankasowa chochita kunyumba kwake. Nenani kuti anagwira ntchito zitatu nthawi imodzi, nenani kuti imodzi yokha ndi imene inkamulipira ndipo inkamulipira zochepa, ndipo nenani kuti tauni yonse inatsamira pamsana pake mpaka msanawo kupindika. Ngati mawu amenewa akukulemerani pakamwa, perekani pepalalo kwa wina amene angathe kuwanena, chifukwa mbiri ya malemu imawerengedwa kamodzi kokha ndipo zidzukulu zimatenga zimene zamva tsiku limenelo.

Palinso china chimene chandiwawa sabata yomweyi. Tsiku lotsatira imfa yawo achibale anabwera kudzachotsa katundu m'chipinda chawo, ndipo ntchito yonseyo sinathe ola limodzi. Anatenga wailesi yakanema, mpando wofewa ndi zithunzi za ukwati, ndipo zotsalazo anazithira m'matumba akuda kuti zikatayidwe. Pamene ndinkanyamula thumba lina linang'ambika, ndipo munagwa kachipewa koyera ka unamwino kokhala ndi mzere wakuda, kapini kamene analandira tsiku lomaliza maphunziro, ndi kabuku kakang'ono momwe analembamo ndi pensulo masiku ndi mayina a makanda amene anawalandira m'nyumba za anthu. Kachipewako ankakasunga m'bokosi la nsapato, katakulungidwa ndi pepala lofewa, ndipo ankandipempha kuti ndikatulutse nthawi iliyonse imene kwabwera namwino watsopano kuti amuonetse. Zinthuzo ndazisiya kwa oyang'anira athu zili m'envulopu yolembedwa dzina lawo. Achibalewo aimbiridwa foni kawiri kuti adzazitenge, ndipo mpaka lero palibe amene wabwera.