Malume amakanika afunsira ntchito kwa asilikali apamadzi a ku Netherlands

Mnyamata wina amene amaphunzira ku Netherlands wabwera kutchuthi, ndipo wapeza malume ake, makanika wodziwika bwino pamsika, atakhala patayala kunja kwa garaja. Akuwaonetsa pafoni zithunzi zimene anajambula padoko la Den Helder.

MALUME: Mphwanga, zithunzizi ndaziona, koma ndikudandaula kuti anthu olemera chotere angopaka andakoti pasitima zonsezi, penti yeniyeni osaika.

MPHWAKE: Utotowo ndi womaliza, malume, chifukwa sitima zankhondo zimapakidwa utoto wotuwa kuti zisaoneke msanga panyanja. Pano ndi palikulu la asilikali apamadzi a dzikolo, otchedwa Koninklijke Marine, ndipo kuyambira mu 1996 mkulu wawo amayang'aniranso sitima za dziko loyandikana nalo la Belgium paudindo wa Admiraal Benelux.

MALUME: Mayiko awiri kudyera m'mbale imodzi? Nanga dizilo akatha amagula ndani?

MPHWAKE: Aliyense amathira mafuta m'sitima zake, koma kuphunzitsa asilikali, kukonza sitima ndi kugula zatsopano amachitira limodzi. Mwachitsanzo, anaitanitsa pamodzi sitima 12 zofufuza mabomba otcheredwa m'madzi, dziko lililonse zisanu ndi imodzi. Sitima zimenezi zimaima patali n'kutumiza makina oyenda okha kuti akafufuze bombalo, asilikali ali phee pakompyuta.

MALUME: Nzeru imeneyo ndaivomereza ndi mtima wonse, pakuti inenso jeke ikakhala yokayikitsa ndimatuma mwana wophunzira ntchito kuti alowe kunsi kwa galimoto. Tsono sitima zomenyadi nkhondo ali nazo zingati?

MPHWAKE: Zikuluzikulu zoteteza zinzake ku ndege ndi mizinga zilipo zinayi, mayina ake De Zeven Provinciën, Tromp, De Ruyter ndi Evertsen. Palinso ziwiri zakale, Van Amstel ndi Van Speijk, zimene zinatsala pagulu la zisanu ndi zitatu atagulitsa ziwiriziwiri ku Belgium, Portugal ndi Chile, ndipo kampani ya Damen ndiyo ikupanga zodzalowa m'malo mwake. Zinayi zina zamtundu wa Holland zimalondera nyanja, makamaka kufupi ndi zilumba za Curaçao ndi Aruba, kumene zimathamangitsa mabwato ozembetsa mankhwala osokoneza bongo.

MALUME: Nanga chimphona ichi chimene chakana kukwana pachithunzi?

MPHWAKE: Imeneyo ndi Karel Doorman, yotalika mamita 204, yonyamula mafuta, magalimoto ndi mahelikopita. Mu 2013 boma linafuna kuigulitsa isanayambe n'komwe ntchito pofuna kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, kenaka linasintha maganizo, ndipo mu 2014 inanyamula katundu wothandiza mayiko a kumadzulo kwa Africa pa mliri wa Ebola.

MALUME: Kugulitsa chinthu chisanatuluke m'garaja ndimaganiza kuti amachita makasitomala anga okha sukulu zikamatsegulidwa. Komatu usandinamize, mphwanga, anthu amenewa anapambanapo nkhondo, kapena amangokonda kugula ndi kugulitsa?

MPHWAKE: Anapambanapo ndithu. Mu 1667 mkulu wa asilikali awo apamadzi, Michiel de Ruyter, analowa ndi sitima zake mumtsinje wa Medway ku England, anatentha sitima za Angerezi, n'kukoka sitima yawo yaikulu yotchedwa Royal Charles kupita nayo kwawo ku Netherlands. Asilikali a Korps Mariniers, gulu lomenya nkhondo pamtunda pochokera m'sitima, limene linakhazikitsidwa mu 1665 ndipo lilipobe, anali nawo paulendowo. Chizindikiro chachifumu chimene chinali kumbuyo kwa sitimayo chikuonetsedwa mpaka lero ku Rijksmuseum, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Amsterdam.

MALUME: Ndiye kuti anakoka galimoto ya eni ake, anaiphwasula, koma nambala puleti anaipachika pakhoma kuti alendo aziiona. Kuno munthu wotero apolisi akanamuyendera kalekale.

MPHWAKE: Nawonso zinawaonekerapo, malume. M'mwezi wa Januwale mu 1795 madzi anaundana pafupi ndi Den Helder pomwepa, sitima zawo zinakanirira, ndipo asilikali a ku France anazifikira atakwera akavalo.

MALUME: Sitima yapamadzi kugwidwa ndi kavalo! Nkhani imeneyo usakaikambe kutchalitchi, angakuike pachilango chifukwa cha bodza. Tiye tipitirire. Kanthu kakuda aka kakungoonekera msana ndi chiyani?

MPHWAKE: Apa ndiye pagona nkhani. Imeneyo ndi sitima yoyenda pansi pa madzi. Anali nazo zinayi, Walrus, Zeeleeuw, Dolfijn ndi Bruinvis, zimene zinayamba ntchito pakati pa 1990 ndi 1994. Boma linachedwa kusankha zolowa m'malo mwake, sitimazo zinakalamba, ndipo kampani ya ku Rotterdam imene inazipanga inatsekedwa kalekale, kotero kuti masipeyala ake ndi ovuta kupeza. Choncho mu 2023 anaipumitsa Walrus kuti azichotsako zitsulo n'kumaika pa zinzakezo, ndipo ananeneratu kuti inanso idzapuma kuti ziwiri zotsala zipirire mpaka zatsopano zitafika.

Malume aimirira pang'onopang'ono, avula chipewa, n'kupukuta manja pa ovolosi.

MALUME: Bwereza mawu amenewo mofatsa. Ukunena kuti boma la Azungu, lokhala ndi mfumu, nduna ndi maprofesa, linakhala pansi n'kugwirizana kuti liphe sitima imodzi kuti zitatu ziziyenda?

MPHWAKE: Ndi zomwezo, malume.

MALUME: Tayang'ana kuseri kwa garajaku. Minibasi ili pamiyalayo ndinaichotsa giyabokosi, sitata ndi zitseko kuti ziwiri zinzake zizipita ku Lilongwe, ndipo amayi ako aang'ono akhala akunditcha wosokoneza chuma cha banja. Lero zadziwika kuti ndimayendetsa garaja motsatira ndondomeko ya Koninklijke Marine, kungoti ine ndinayamba kale iwo asanaganize.

MPHWAKE: Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anaitanitsa kale zatsopano. M'mwezi wa Malichi mu 2024 anasankha kampani ya ku France ya Naval Group, imene inapambana kampani ya Saab ya ku Sweden yogwirizana ndi Damen, komanso thyssenkrupp ya ku Germany. Mgwirizano unasainidwa mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo sitima zinayizo zidzatchedwa Orka, Zwaardvis, Barracuda ndi Tijgerhaai.

MALUME: A ku France omwe aja anabwera pa akavalo?

MPHWAKE: Zidzukulu zawo, malume.

MALUME: Chabwino, mlandu suola koma malonda ndi malonda. Nanga katunduyo afika mwezi uti?

MPHWAKE: Ziwiri zoyamba ziyenera kuperekedwa pasanathe zaka khumi kuchokera tsiku losainira.

MALUME: Zaka khumi, ndipo kasitomala wavomera osatukwana! Ine ndikangonena kuti bwerani Lachisanu, munthu amabwera ndi mkazi wake, mlamu wake ndi wapolisi. Tsono pa zaka zonsezi, sitima zokalambazo ziziyendera chiyani pansi pa madzi, kumene kulibe mpweya woti injini ipume?

MPHWAKE: Zikakhala pafupi ndi pamwamba, injini za dizilo zimatchaja mabatire, ndipo zikamira zimayendera mabatirewo mwakachetechete kuti adani asazimve. Mabatirewo ndi mazanamazana, aakuluakulu ndithu.

MALUME: Mazanamazana, ndipo Walrus yangokhala padoko osayenda? Tenga cholembera, mphwanga, ulembe m'Chingerezi chako chabwinocho. Kwa Bwana Admiraal Benelux, Den Helder. Ine, makanika wodziwa kupha galimoto imodzi kuti zinzake zikhale ndi moyo, ndikupempha ntchito yosamalira sitima zanu zokalamba kufikira a ku France atamaliza zawo. Malipiro sindifuna ambiri, mungondipatsa mabatire atatu a Walrus kuti ndiziwotcherera zitsulo magetsi akazima.

MPHWAKE: Malume, ntchito imeneyo imafuna munthu wolowa m'sitimayo n'kumira nayo pokaiyesa.

MALUME: Uwonjezere ndime yomaliza. Popeza wopemphayo sadziwa kusambira, sitimayo aitulutse m'madzi, aikweze pamiyala inayi, ndipo pokaiyesa adzapita mwana wophunzira ntchito.