Inu obweza mileage, ndinu akuba

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Ndangochokera ku galaja ndi mlongo wanga, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene miyezi inayi yapitayi anagula galimoto ya Sienta ndi ndalama ya ngongole. Zaka zitatu azidulidwa pa malipiro ake ochepa aja. Tsiku logula, wogulitsa anamuuza kuti, "Mayi, iyi ndi yosayenda, taonani nokha, 58,000 yokha." Pa dashibodi, pamene pamaoneka mileage (makilomita amene galimoto yayenda), panalidi 58,000. Tsopano galimoto yayamba kunjenjemera pokwera chitunda, utsi kumbuyo, oyilo ikumwa ngati madzi.

Makaniko sanachite kutsegula injini. Anatsegula chitseko cha dilaivala, kuwerama, kupukuta fumbi ndi chala pa kasitika komatidwa m'mbali, kolembedwa m'Chijapani. Zilembozo sitinazimve, koma manambala safuna womasulira: sevisi yotsatira pa 171,000 km. Kenako akuti taonani pedulo ya buleki. Labala inatha kalekale, chitsulo chili pamtunda. Chiwongolero chasalala ngati mpini wa khasu la agogo. Mlongo wanga anangokhala pa tayala lakutha lili pomwepo, dzanja patsaya. "Achimwene, ndiye ine ndikulipira chiyani?" Ndinasowa chomuyankha.

Kumeneku ndi kuba. Musandiuze kuti ndi bizinesi, musandiuze kuti aliyense amatero. Munthu amene walowetsa kompyuta pa galimoto n'kufufuta makilomita oposa 100,000 sasiyana ndi wothyola nyumba usiku. Wothyola nyumba amatenga zomwe wapeza n'kuthawa. Inu mumatenga malipiro a munthu a zaka zitatu, n'kumugwira chanza, n'kumujambula chithunzi atanyamula makiyi kuti muike pa Facebook.

Ndimveni bwino, sindikudana ndi galimoto yakale. Tonse tikudziwa kuti Amalawi ambiri sitingakwanitse yatsopano ya m'shopu. Ma Vitz, ma Passo, ma Fit, ma Demio, ma Probox adzaza m'misewumu chifukwa ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja, ndipo kuyeza galimoto kwawo, kumene amati shaken, kumayamba ikakwana zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo n'kodula moti eni ake amangoigulitsa. Zili bwino. Galimoto ya 171,000 km ikhoza kutumikira munthu zaka zambiri ngati akudziwa chimene wagula. Akanadziwa, mlongo wanga akanatsitsa mtengo, akanasunga kangachepe ka giyabokosi, kapena akanangoisiya n'kukafuna ina. Munamulanda mwayi wosankha. Chimene chikundiwawa ndi bodzalo. Ukalamba wa galimoto si mlandu, mlandu ndi kuibisira zaka.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwaipukuta ndi polishi, matayala mwawapaka zakuda, m'kati mwathira pafyumu, mipando mwaikutira mapulasitiki kuti azioneka ngati sanakhalepo munthu. Pansi pake dzimbiri lokhalokha, chifukwa ina imachokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene amathira mchere mumsewu nthawi ya chisanu. Zimenezo simunena. Mumangoloza pa dashibodi.

Ndipo musamaname kuti simunadziwe. Galimoto yogulidwa pa okushoni ku Japan imakhala ndi pepala lake, auction sheet, pamene pamalembedwa makilomita ndi giredi yake, kaya 4, kaya 3.5, kaya R kutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Palinso export certificate, pamene pamaoneka makilomita amene inali nawo poyezedwa komweko. Mlongo wanga atapempha mapepala amenewa anauzidwa kuti "anatsalira ku Dar." Anatsalira ku doko la Dar es Salaam bwanji pamene galimoto yake inafika? Pepala limene likanakuyalutsani ndi lomwe limasowa nthawi zonse. Munalibisa dala. Munadziwa.

Mudzati dola ikusowa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, msonkho wa galimoto yakale ndi wokwera. Ndi zoona, nanga mphunzitsi uja kwacha yake sinagwe? Iye akabe kwa ndani?

Pobwerera kunyumba, pa depoti tinapeza Peugeot 504 yakalekale, ya pikapu, itanyamula matumba a makala. Penti inasuluka, chitseko chimodzi n'cha mtundu wina, bampala anaimanga ndi waya. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Galimoto imeneyo siinamiza munthu. Ukaiona umadziwiratu kuti yadya zaka, ndipo woigula amadziwa kuti akugula nkhalamba. Ma Hilux akale, ma Cressida, ma Nissan 1400 amene tikuwaonabe m'maboma akuyenda mpaka lero chifukwa eni ake amawadziwa matenda awo onse. Ya mlongo wanga ndi yonyezimira kuposa onsewo, koma mwini wake sadziwa kuti mawa idzuka ndi chiyani, chifukwa wina anaifufutira mbiri yake kuti apeze phindu.

Inu amene mukufuna kugula, chonde, musakopeke ndi manambala a pa dashibodi. Tengani makaniko wanu, osati amene wakupatsani wogulitsa. Yang'anani pedulo, chiwongolero, mpando wa dilaivala. Kokani lamba wa mpando mpaka kumapeto muone chaka cholembedwa pa kansalu kake. Gwadani muone pansi. Funsani auction sheet, ndipo nambala ya chassis ya papepalapo igwirizane ndi ya pagalimoto. Akayamba kuzungulira, nyamukani. Ndalama ndi yanu, musachite manyazi. Manyazi achite ndi iye wakubayo.

Ndipo poti ndayamba, ndinenenso za madilaivala ena amene timawatuma kukatenga magalimotowa ku doko la Dar es Salaam. Munthu wakulipira kuti umubweretsere galimoto yake, iwe waisandutsa matola. Kuchokera ku Mbeya wadzaza anthu, kudutsa pa Songwe wawonjezera matumba a mpunga ku Karonga, kagalimoto ka anthu asanu kanyamula asanu ndi atatu, ukukwera nako Chiweta usiku, liwiro ngati ukuthawa nkhondo. Ikafika ku Lilongwe mashoko atha, mipando yathimbirira, m'buti mukununkha usipa. Mwini wake sanaiyendetseko ngakhale tsiku limodzi, koma wayamba kale kugula masipeya. Ukafunsa akuti inabwera choncho kuchokera ku Japan. Bodza lomwe lija!

Mawa m'mawa ndikupita ndi mlongo wanga kwa wogulitsa uja, kasitika kaja ndakajambula.