Ku Egypt amamuimbira atafa, ku Sudan amadziimbira yekha

Ngamila zomwe zimagulitsidwa pa msika wa Daraw, kumpoto kwa mzinda wa Aswan ku Egypt, zambiri zimachokera ku Sudan. Kuyambira makedzana anthu a maiko awiriwa akhala akupitirana m'chipululu, amamwa madzi a Nile yemweyo, amalankhula Chiarabu. Koma mukatchera khutu ku nyimbo zawo za anthu othawa lamulo, zija za achifwamba a m'chipululu, mumapeza kuti nkhani imodzi amaigwira mbali zosiyana.

Ku Egypt nyimbo yotere ndi ntchito ya mmisiri. Woimba amakhala pansi, rababa ili chilili pabondo. Choimbira chimenechi chimafanana ndi kaligo wathu, kungoti chili ndi nsambo ziwiri za ubweya wa ku mchira wa kavalo, ndipo chibade chake ndi cha kokonati chokutidwa ndi chikopa cha nsomba. Ena amaimba motsagana ndi chitoliro cha mabango awiri chotchedwa arghul. Kaimbidwe kake amati mawwal. Munthuyo amayamba ndi kuitana kuti "iwe usiku, iwe diso", mawu akukokedwa pang'onopang'ono, kenaka n'kulowa m'nkhani. Luso lalikulu lili kumathero a mizere: liwu limamveka ngati lomwe lija, koma tanthauzo lasintha, ndipo omvera amafuula akalitulukira. Kumidzi ya kumwera kwa dzikoli kuli alakatuli omwe amatha masiku angapo akuimba mbiri ya fuko la Bani Hilal, yomwe UNESCO idailemekeza mu 2003. Nyimbo za achifwamba zidakulira mumthunzi wa mwambo umenewo.

Tengani Adham al-Sharqawi wa m'chigawo cha Beheira, yemwe adawomberedwa mu 1921 ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Nyimbo imati adalipsira imfa ya mbale wa bambo ake, adathawa kundende, adasautsa boma ndi eni minda ikuluikulu, mpaka bwenzi lake lapamtima lidamupereka. Woimba Mohamed Rushdi ataiimba pa wailesi, dziko lonse lidamudziwa Adham ngati ngwazi. Nyuzipepala za m'nthawi yake zinkamutcha chigawenga.

Nkhani ya Yassin ndiyo imandivuta kwambiri. Uyu adalidi munthu wa m'mapiri a m'chipululu cha kumwera, ndipo adaphedwa mu 1905 ndi gulu la asilikali okwera ngamila lotsogozedwa ndi Saleh Harb, yemwe pambuyo pake adakhala nduna ya zachitetezo. Harb adamufotokoza ngati wakupha yemwe midzi inkamuopa. Koma chomwe anthu adasunga ndi funso lopita kwa mkazi wake Bahiya, lakuti anene amene adapha Yassin. Nyimbo idamusambitsa munthuyo mpaka kuyera. Sindikuwadzudzula alimi omwe adaipeka. Adali pansi pa Angerezi ndi mabwana a minda, ndipo aliyense wopikisana ndi boma ankamuona ngati wawo. Komabe amene adaphedwa ndi Yassin adalinso ndi amayi awo, ndipo palibe rababa idawalirira.

Tsopano tsikirani kumwera, ku Butana, dera la msipu lomwe lili pakati pa Blue Nile, Nile ndi mtsinje wa Atbara, kapena kumadzulo ku Kordofan. Kumeneko kudali ahambata, anthu olanda ngamila. Iwowa sadikira woimba wa pa ukwati kuti adzawakumbukire. Mhambati weniweni amadzipekera ndakatulo yekha, ya mtundu wa dobeit: mizere inayi yokha, yomvana kumathero, yopanda choimbira chilichonse. Liwu lokha basi, lokokedwa kuchokera pakhosi, loyenda ndi mapazi a ngamila usiku. Mayina ngati al-Tayyib Wad Dahawiya amatchulidwabe mpaka lero chifukwa cha mizere yotere.

Ndidamvetserapo dobeit usiku wina pa YouTube. Mkulu wovala mkanjo woyera, chikwapu cha ngamila chili m'manja, anzake atakhala mozungulira pamchenga. Chiarabu chake sindinkachimva bwino, koma akafika pa mzere wachinayi anzakewo ankakweza manja n'kudina zala, wina n'kumulandira ndi mizere yake. Panalibe nsanja, panalibe wolipira. Adali anthu oyankhana.

M'ndakatulo zimenezi munthu amatama ngamila yake, amatchula zitsime ndi zigwa zomwe wadutsa, amakumbuka mkazi yemwe akumudikira, amanyoza mwamuna wokhalira khasu ndi kuwerenga mbewu. Alinso ndi malamulo awo omwe amanyadira: osalanda za mkazi wamasiye, osakhudza za mwana wamasiye kapena za mnansi, kupita kwa mwini khola lalikulu, ndipo zomwe wapeza osazisunga koma kudya ndi anthu. Mzimu umenewu ndi wakalekale. Alakatuli othawa mafuko awo ku Arabia Chisilamu chisanadze, monga Urwa ibn al-Ward ndi al-Shanfara, ankalankhula chimodzimodzi.

Ine ndimakonda njira ya ku Sudan, ngakhale kaimbidwe ka ku Egypt ndiko kokoma m'khutu. Chifukwa changa n'chakuti mhambati sabisa. Amanena poyera kuti ngamilazo ndi za eni ake, kuti adazitenga usiku, kuti akudziwa kuti mwina sabwerako. Mukhoza kudana naye, koma mukudana ndi munthu yemwe waima pamaso panu. Ku Egypt mwini nkhani ali m'manda, ndipo woimba amamuveka zovala zomwe omvera akufuna.

Koma nako ku Sudan kuli minga yake. Liwu lotama kulanda limakopa anyamata. Ku Darfur ndi ku Kordofan kuli amayi oimba otchedwa hakamat, omwe nyimbo yawo imodzi ikhoza kuchititsa manyazi mwamuna wamantha mpaka atanyamula mfuti, ngakhale ena mwa iwo tsopano amaimba za mtendere. Ndipo chiyambire nkhondo ya mu Epulo 2023, mabanja a ku Khartoum ndi ku Gezira alandidwa magalimoto, ziweto ndi katundu wa m'nyumba ndi anthu omwe safunsa ngati mwini nyumbayo ndi wamasiye.