AFORD sinagwe chifukwa cha chigawo chokha

Alembi, mwanena kuti chipani cha Alliance for Democracy (AFORD) chinafooka chifukwa chinali cha Kumpoto kokha. Ine ndili ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ndikukana. Chipanichi chinadyedwa ndi mikangano ya m'nyumba momwemo.

Chakufwa Chihana, mtsogoleri woyamba wa AFORD, anachokera ku mabungwe a anthu apantchito, anali mlembi wamkulu wa SATUCC, mgwirizano wa mabungwe otere a m'mayiko a kum'mwera kwa Africa. Pomwe ankamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992, ankalankhulira Amalawi onse. Mu 1994 chipani chinapeza mipando 36 ya ku nyumba ya malamulo. Bambo anga, omwe anali mphunzitsi, analira ndi chimwemwe tsiku limenelo.

Zinayamba kusokonekera pa nkhani ya maudindo. AFORD inayamba yagwirana manja ndi MCP, posakhalitsa n'kulowa m'boma la UDF, a Chihana n'kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Atatuluka mu 1996 podandaula za katangale, nduna zina za chipanichi zinakana kusiya mipando. Mng'alu woyamba ndi umenewo. Koma chomwe chinatipweteka kwambiri n'choti munthu amene anamenyera demokalase anadzaima kumbali ya ofuna kuti a Muluzi apitirire nthawi yawo. Okwiya anatuluka n'kuyambitsa chipani cha MGODE, ndipo mu 2004 tinatsala ndi mipando 6 yokha.

Ngakhale mu 2018, misonkhano yaikulu inachitika iwiri, wina wa a Enoch Chihana, wina wa a Frank Mwenifumbo. Pa zonsezi, ndani ankakambanso za malipiro a wantchito kapena za mlimi wa khofi ku Misuku?