Kulipiritsa si vuto, vuto ndi kugwira mapepala a munthu

A mtolankhani, mwati anthu othandiza kudzaza mafomu a msonkho alibe chifundo chifukwa amalipiritsa ngakhale bizinesi ya munthu yagwa. Pamenepa sindikugwirizana nanu kwenikweni. Wodzaza mafomuyo nayenso amagula bandulo ya intaneti, amalipira lendi, ana ake amadya. Kumuuza kuti azigwira ulere n'kumusamutsira umphawi womwewo.

Koma pali china chomwe simunachitchule. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, golosale ya mlongo wanga ku Bangula inakokoloka, malisiti omwe anapita ndi madzi. Malonda anaima, koma TPIN, nambala yomwe umalembetsera msonkho, siima. Ngakhale usanagulitse kanthu umayenera kudziwitsa bungwe lotolera msonkho la MRA, ukachedwa pali chindapusa. Mnyamata yemwe ankamudzazira mafomu anafuna ndalama yonse patsogolo, n'kukana kumubwezera mapepala otsalawo mpaka alipire. Munthu akugona kumsasa wa anthu othawa madzi! Kulemba kuti palibe malonda pa Msonkho Online, tsamba la intaneti la MRA, ndi ntchito yaing'ono, ndiye kumutchaja mtengo wofanana ndi wa bwana wa kontirakiti yonyamula nzimbe ku Nchalo n'kumudyera masuku pamutu.

Anzanga a ku Ngabu, Nsanje ndi Makhanga, mvanani mtengo musanapereke mapepala anu, ndipo pemphani kuti muzilipira pang'onopang'ono mukagulitsa thonje kapena mbuzi. Pasiwedi ya akaunti yanu muziidziwa nokha, osangoisiya kwa wokudzazirani.